Gogodera, volovolo ndi dzanja la mmisiri

Anyamata a masiku ano akaona mfuti pa kanema kapena pa foni, mafunso awo amakhala awiri okha: imameza zipolopolo zingati, nanga imalasa kutali bwanji. Ndimawamva pamsika wa Thambani akutsutsana, wina akuti AK-47 ndiye mfumu ya zonse, wina akuti ayi, yoopsa ndi pisitolo ya apolisi a ku America. Bambo anga, amene anali osula zitsulo kuno mpaka manja atayamba kunjenjemera, akagwira mfuti ankafunsa zina. Ankaitembenuza pang'onopang'ono, n'kuyendetsa chala pamene chitsulo chakumana ndi mtengo, kenako n'kufunsa mwini wake kuti, "Anaipanga ndani imeneyi?"

Ine si mlenje, ndipo sindisunga mfuti m'nyumba. Ndine mmisiri wa matabwa. Zitseko, mipando ndi mabokosi a maliro ndizo zimandidyetsa. Koma ubwana wanga unathera pa mvukuto, kuvukuta moto wa pachipala, ndipo pakati pa makasu, nkhwangwa ndi zikwakwa zimene anthu ankabweretsa, nthawi zina pankafika munthu atakulunga chinthu chachitali m'chiguduli. Imeneyo inali gogodera, mfuti yakale yothira wonga kukamwa n'kutsindira ndi ndodo, yowomba kamodzi kenako n'kuyambiranso kuthira. Pankhondo ya lero mfuti yotereyi ilibe ntchito. Komabe mwa zitsulo zonse zimene ndagwirapo, palibe china chimene chinkaonetsa manja a anthu ambiri chotere pa chinthu chimodzi.

Mfuti zinafika kudera lathu lino kudzera njira ziwiri. Yoyamba inachokera ku Tete. Kwa zaka mazana angapo Apwitikizi ndi zidzukulu zawo zobadwira m'mbali mwa Zambezi anali ndi malo akuluakulu otchedwa prazo, ndipo mwini malo aliyense anali ndi asilikali ake, akapolo onyamula zida otchedwa Achikunda. Malo amenewa atayamba kupasuka m'zaka za m'ma 1800, Achikunda ambiri anasanduka alenje a njovu n'kubalalika mpaka ku Zumbo ndi ku Luangwa. Katswiri wotsogolera ulenje ankamutcha nkumbalume, ndipo ulemu wake unali pa mfuti yake ndi mankhwala ake. Njira yachiwiri inadzera ku Shire. Amakololo amene anabwera ndi David Livingstone anatsalira ku Chikwawa kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1860 ali ndi mfuti m'manja, ndipo anthu owerengeka amenewo anakhala mafumu pakati pa Amang'anja. Maina a Kasisi, Katunga ndi Maseya alipo mpaka lero.

Pali mbali ina imene sindingaibise. Mfuti zimenezi zinkagulidwa ndi minyanga, ndipo zinkagulidwanso ndi anthu. Midzi inatenthedwa nazo, ana anamangidwa magoli chifukwa cha izo. Ndikamanena za kukongola kwake, ndikunena zonsezi ndikuzidziwa, ndipo chimodzi sichifafaniza chinzake.

Zambiri mwa mfutizo zinkapangidwa ku Birmingham ku England ndi ku Liège ku Belgium. Ku Birmingham kunali chigawo chathunthu cha mzinda chimene ntchito yake inali mfuti basi, koma musaganize za fakitale imodzi yaikulu. Tinali timashopu ting'onoting'ono tothithikana. Uyu ankasula mipope yokhayokha, uyu zokhethemulira, uyu ankasema mitengo, wina ankapala ndi tupa, wina ankapaka mtundu, ndipo ana ankathamanga m'misewu kunyamula zidutswa kuchoka kwa mmisiri uyu kupita kwa uyo. Mu 1813 anakhazikitsa nyumba yoyesera mipope imene ikugwirabe ntchito mpaka pano. Mpope ankauwomba ndi wonga wopitirira muyezo, ukapirira ndiye ankaudinda kachizindikiro. Mfuti zina zinali zotsala za asilikali a Britain, zolembedwa TOWER pambali pamodzi ndi chisoti chachifumu. Za kumbali ya Apwitikizi zinkatchedwa lazarina, zazitali ndi zowonda, ndipo pampope pankalembedwa dzina la Lazarino. Dzinalo ndi la banja la Cominazzo la ku Gardone ku Italy, amisiri amene mipope yawo inatchuka kwambiri m'zaka za m'ma 1600, moti anthu ena anapitiriza kulidinda pa mfuti zotsika mtengo eni dzinawo atagona kalekale. Zina mwa zimene ankapangira malonda a ku Africa zinali zachinyengo ndithu, chitsulo chofooka, mtengo wopakidwa utoto wofiira kuti ubise zilema, ndipo zinkaphulikira m'manja mwa ogula.

Mu 1890 maiko a ku Ulaya anapangana ku Brussels kuti m'chigawo chachikulu cha Africa, kuphatikizapo kwathu kuno, anthu akuda asamagulitsidwe mfuti zamakono. Zololedwa zinali za mwala wa moto, zopanda mizere m'kati mwa mpope, pamodzi ndi wonga wamba. Chaka chotsatira dziko lino linalowa m'manja mwa Britain. Choncho pamene azungu ankasintha mfuti zawo zaka zingapo zilizonse, mlenje wa kumudzi anatsala ndi gogodera yomwe ija ya agogo ake, ndipo ikathyoka kunalibe sitolo yoti n'kukagulako ina. Ankapita nayo kwa wosula. Lamulo lotipondereza limenelo ndi limene linanola amisiri athu. Munthu amene anazolowera kusula khasu anaphunzira kusula sipuling'i, kuwotcherera mng'alu, kusintha chokhethemulira cha mwala wa moto kuti chiziwomba ndi fataki, ndipo ena anafika popanga mfuti yonse okha.

Imene ndimaikumbukira bwino inali ya mkulu wina wa kutsidya kwa mtsinje wa Mwanza. Mpope wake unali wa ku Ulaya, tizizindikiro take titatsala pang'ono kufufutika. Chokhethemulira chinachokera ku mfuti ina, ndipo anachilumikiza mmisiri amene dzina lake linali litaiwalika kale m'banjamo. Mtengo woyamba unadyedwa ndi chiswe. Umene unalipo unali wa mlombwa, wosemedwa ndi nsompho, wotalika molingana ndi mkono wa mwini wake, ndipo pamene tsaya limagona panali posalala, pakuda, ponyezimira ndi thukuta la zaka zambiri, monga umakhalira mpini wa khasu umene wazolowera dzanja limodzi. Pamene panang'aluka anakulungapo chikopa chachiwisi cha mchira wa njati, chimene chitauma chinafinya mtengowo zolimba. Kuthako kunali timisomali ta mkuwa tokhomedwa m'mizere itatu yokhotakhota. Mphete zogwira mpope zinali za waya wa mkuwa wopotedwa mosamala, ndipo pansi pankalendewera kanyanga ka mankhwala.

Timisomali timeneto sitinkathandiza kalikonse powomba. Nguluwe siiona mkuwa. Koma munthu wina anakhala pansi pa mtengo tsiku lathunthu, n'kumayeza ndi diso kuti mzere uwu ufanane ndi unzake, chifukwa sankafuna kunyamula chinthu chonyansa paphewa pake. Amayi athu amachita chimodzimodzi akamalemba mizere pakhosi pa mtsuko, ndipo palibe amawafunsa ngati mizereyo imazizitsa madzi.

Sipuling'i ya mfuti imeneyo ndiyo inathyoka. Bambo anakana makala wamba, anandituma kukatenga a tsanya, amene moto wake umakhalitsa. Anasula kachitsulo, n'kukapinda, n'kukazimitsa, kenako n'kukabwezera pamoto wofatsa akuyang'anitsitsa mtundu ukusintha kuchoka pa wachikasu kufika pa wobiriwira. Analibe chida choyezera kutentha, diso lawo ndilo linkadziwa pochotsera. Koyamba kanathyoka poyesa. Anasula kena. Atafika pokalowetsa mu mtengo, anayatsa koloboyi masanasana, n'kudetsa chitsulocho ndi mwaye wake, n'kuchikanikiza pamalo pake. Pochichotsa, mwaye unatsala paliponse pamene chitsulo chinakhudza mtengo, ndipo iwo ankapala pakudapo pokha, pang'ono kwambiri, n'kudetsanso, n'kukanikizanso. Ndinadzawerenga nditakula kuti amisiri a mfuti zodula za ku London, monga a Purdey ndi a Holland & Holland, amagwiritsanso ntchito nyale ya utsi mwa njira yomweyi. Ine ndimaigwiritsabe ntchito polowetsa loko pachitseko cha mbawa.

Mwini mfuti uja anatopa n'kudikira.

"Amisiri, bola iziwomba basi. Zinazo musavutike nazo."

"Iyayi akulu," anatero Bambo osadzutsa mutu. "Mfuti iyi aigwirapo kale amisiri anayi ine ndisanabadwe, ndipo onsewo ndikuwaona ntchito yawo. Ndikaika chigamba choipa, adzandinena amene adzaitsegule m'mbuyo mwanga."

Mfuti yaing'ono ya m'manja sinali ya anthu wamba kuno. Inali ya bwanamkubwa, ya akuluakulu a asilikali, ya azungu a minda. Imene inafika pachipala pathu anabwera nayo kapitawo wa mzungu wina wa munda cha ku Neno, m'zaka za m'ma 1960, chifukwa zogwirira zake zakuda zija zinasweka mbali imodzi. Inali volovolo ya Webley. Asilikali a Britain anayamba kugwiritsa ntchito mtundu umenewu mu 1887, ndipo wotchuka kwambiri, Mark VI, unatuluka mu 1915 pakati pa nkhondo yaikulu yoyamba. Akuluakulu a King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902 ndipo asilikali ake ambiri anali a dziko lino, ankaimangirira m'chiuno pamene makolo athu ankasenza mfuti zazitali ndi katundu wa mtengatenga.

Ndi chinthu cholemera, chopitirira kilogalamu imodzi. Ukakankha kachitsulo ndi chala chachikulu, mfutiyo imathyoka pakati, mpope n'kuwerama, ndipo pomwepo kanyenyezi kachitsulo kamatuluka pakati pa gudumu n'kukankhira kunja makoko onse 6 nthawi imodzi, kenako n'kubwerera kokha pamalo pake. Palibe batire, palibe waya, ndi tizitsulo tokankhana tokha. Kuthako kuli kamphete komangirapo chingwe kuti isagwe munthu ali pahatchi kapena m'matope. Nambala imodzimodzi inadindidwa pa thupi, pa mpope ndi pa gudumu, chifukwa zidutswazo zinapalidwa ndi dzanja kuti zigwirizane zokhazokha, ndipo cha mfuti ina sichinkangolowa popanda tupa.

Bambo anaonetsetsa kaye kuti mulibe kanthu. Kenako anaitsegula n'kuitseka, kuitsegula n'kuitseka, khutu lili pafupi.

"Tabwera iwe, tamvera. Wamva? Palibe pamene pakugwedera."

Anathothola tsitsi limodzi n'kuyesa kulilowetsa pamene mpope umatsekera. Silinalowe. Chimene chinawagwira mtima kwambiri chinali mtundu wa chitsulocho, wakuda wobiriwira, wozama, umene unali utayamba kuyera m'mphepete mokhudzana ndi chikopa cha thumba lake. Mtundu umenewu si utoto. Ndi dzimbiri lochita kulipanga dala, lopyapyala kwambiri, limene limatchinga chitsulo kuti dzimbiri lofiira lija lisachidye. Kwa munthu amene moyo wake wonse analimbana ndi dzimbiri pa makasu, kumva kuti kuli amisiri amene analiweta mpaka kuliyesa chokongoletsera inali nkhani yoti ankaibwereza kwa alendo kwa zaka zambiri.

Zogwirira zatsopano anazisema ndi phingo. Aliyense amene anayesapo kusema phingo akudziwa mmene limabunthitsira zida. Analipala mpaka linagona pachitsulo popanda mpata, kenako anatenga katupa kang'ono ka makona atatu n'kuyamba kudula timizere topingasana kuti dzanja la thukuta lisaterereke. Mzere umodzi ukapotoka, yonse yotsatira imapotoka nawo, choncho ankagwira ntchitoyi m'mawa mokha dzuwa lisanatenthe, maso asanatope. Pomaliza anapaka mafuta a nsatsi n'kupukuta ndi chigamba. Kapitawo uja pobwera anaigwira n'kunena kuti mbali ya phingo yaposa ya ku England, ndipo anabwerera tsiku lina kuti asemenso mbali inayo. Kwinakwake, ngati siinasungunulidwe, kuli volovolo ya ku Birmingham yovala mtengo wa ku Thambani.

Kunja kuli anthu ambiri amene amakonda mfuti zakale mwa njira imeneyi, ndipo ena a iwo sanawombepo n'kamodzi komwe zimene amasunga. Amayang'ana mtengo wa walnut, mmene mizere yake ikuyendera. Amayang'ana mawanga a buluu, ofiirira ndi otuwa amene amatuluka chitsulo chikawotchedwa m'bokosi la makala a mafupa n'kuponyedwa m'madzi, mawanga amene sangafanane pa mfuti ziwiri ngakhale wopanga akhale yemweyo. Amayang'ana zojambula. Samuel Colt wa ku America, amene analembetsa volovolo yake mu 1836, ankadziwa mphamvu ya zimenezi. Analemba ntchito akatswiri ojambula pachitsulo, wotchuka mwa iwo ndi Gustave Young wochokera ku Germany, ndipo mu 1854 anapereka kwa mfumu Nicholas I ya ku Russia mavolovolo okongoletsedwa ndi golide. Inzake ya imodzi mwa amenewo ili ku Metropolitan Museum ku New York, nyumba yomwe imasunga zithunzi ndi ziboliboli za akatswiri a dziko lonse. Ku Leeds ku England kuli Royal Armouries, kumene ana asukulu amapita kukaona zida zakale. Pisitolo ya Luger, imene asilikali a Germany anaitenga mu 1908, inali yodula kupanga ndipo siinkakonda fumbi ndi matope, moti pambuyo pake anaisiya n'kutenga ina yosavuta. Koma osunga zakale amailimbirana mpaka lero chifukwa cha kapalidwe ka zitsulo zake.

Zamakono zinatenga njira ina. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980 Gaston Glock wa ku Austria, munthu amene kale ankapanga mipeni ndi zitsulo zokolekapo makatani, anatulutsa pisitolo ya thupi la pulasitiki yonyamula zipolopolo 17. Ndi yopepuka, siivuta kusamala, chidutswa cha iyi chimalowa pa inzake popanda mmisiri, ndipo apolisi a maiko ambiri anaitenga. Sindikuinyoza. Wapolisi amene akuthamangitsa mbava usiku akufunika chida chimene sichimukhumudwitsa, ndipo ine nditakhala womugulira ndingamugulire chomwecho. Koma ikani pamzere mapisitolo otere 1,000, simupezapo imodzi yoti n'kunena kuti apa panadutsa dzanja la uje. Ikakalamba imangokhala yakutha. Gogodera ija ya mlombwa inkakongolerakongolera chaka ndi chaka.

Ife a m'malire tili ndi chifukwa china chosakondera kuwerenga zipolopolo. Kuyambira 1977 mpaka 1992 nkhondo ya ku Mozambique inali kuseri kwa mapiri athuwa. Usiku tinkamva kulira kwa mfuti, m'mawa n'kuona amayi akutsetsereka ndi ana kumsana ndi mitolo pamutu. Anthu opitirira 1 miliyoni anathawira m'Malawi, ndipo misasa monga Chifunga ndi Luwani inadzaza. Ambiri sanapite kumisasa n'komwe, anangokhala m'midzi mwathu chifukwa ndi abale athu, chilankhulo chimodzi, maliro amodzi. Mu 2015 ndi 2016 zinabwereranso, anthu zikwizikwi anaunjikana pa Kapise m'boma lathu lomweli. Mfuti ya nkhondo imeneyo inali AK-47 ya Mikhail Kalashnikov, imene ili ngakhale pa mbendera ya Mozambique. Mwa mafunso awiri aja a anyamata, imeneyi imapambana onse. Siifuna mmisiri, siifuna mafuta a nsatsi, mwana wa zaka 12 amaiphunzira tsiku limodzi, ndipo ana otere anaiphunziradi. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, zambiri zinakwiriridwa pansi, zina zinawoloka malire mobisa, ndipo umbava wa mfuti unakula m'dziko muno m'zaka zotsatirazo. Sindinamvepo munthu atagwira AK n'kufunsa kuti anaipanga ndani.

Ndikamva mnyamata akuyamikira mfuti chifukwa cha kuchuluka kwa zipolopolo, mtima wanga sukhazikika, chifukwa chimene akuyamikiracho chimaoneka pokhapokha mfutiyo italira. Woyamikira mizere ya phingo ndi kagwiridwe ka chitsulo amakhuta ndi maso ndi zala, mfuti ili yopanda kanthu m'kati. Kumeneku ndiye kusiyana kumene ndimakuona, ndipo n'chifukwa chake ndimati mwa zikondi ziwirizi, chachiwirichi ndicho ndingalole kuti mdzukulu wanga akhale nacho.

Anzathu a ku Mozambique anachita chinthu chimene ndimachilemekeza. Mu 1995 bungwe la mipingo yachikhristu la dzikolo, motsogozedwa ndi Bishopu Dinis Sengulane, linayambitsa ntchito yosinthanitsa zida ndi makasu, njinga, makina osokera ndi malata. Mfuti zosonkhanitsidwazo ankaziduladula, ndipo zidutswa zina ankazipereka kwa amisiri aluso a ku Maputo. Mmodzi wa iwo, Cristóvão Canhavato, wodziwika ndi dzina loti Kester, anawotcherera mpando wachifumu wa zidutswa za mfuti zokhazokha mu 2001, ndipo iye ndi anzake atatu anapanganso mtengo waukulu wachitsulo wotalika kuposa mamita atatu. Zonse ziwiri zili ku British Museum ku London. AK inayenera kudulidwa kaye kuti dzanja la mmisiri lionekepo.

Gogodera nayo si yosalakwa. Kummwera kwathu kuli Majete, nkhalango imene pofika 1992 inalibe njovu ndi imodzi yomwe. Zinatha ndi mfuti, zamakono ndi zakale zomwe, ndiponso misampha. African Parks itayamba kuyang'anira nkhalangoyi mu 2003 anachita kubweretsa zipembere, njovu ndi mikango kuchokera kwina, ndipo lero ana athu akuona nyama zimene ife tinkangozimva m'nthano za alenje. Sindikufuna kuti zimenezi zibwerere m'mbuyo. Nthawi ya nkumbalume inatha. Lamulo la mfuti la dziko lino, la 1967, limafuna kuti aliyense wosunga mfuti akhale ndi chiphaso cha apolisi, ndipo kupanga mfuti kunyumba ndi mlandu. Zambiri mwa gogodera zimene zikupangidwa mobisa masiku ano ndi mipaipi ya madzi yomangidwa ndi mphira, zopanda luso lililonse, zoopsa kwa nyama ndi kwa woziwomba yemwe. Bambo anga akanaziona akanazikana kuzigwira.

Koma pakati pa mulu wa mfuti zimene apolisi ndi oyang'anira nyama amalanda, ndiponso zimene zabisidwa m'madenga a udzu ndi m'nkhokwe chifukwa eni ake akuopa kumangidwa, muli zina zimene ndi mbiri ya dziko lino. Muli mipope ya TOWER imene inakwera Zambezi Livingstone asanafike. Muli mitengo ya mlombwa yosemedwa ndi amisiri a ku Mwanza, ku Neno ndi kwa Chapananga amene sanalembedwe m'buku lililonse. Zikaunjikidwa pamodzi ndi mipaipi ija n'kutenthedwa, zonsezo zimapsera limodzi. Zikatsala m'denga, chiswe chimadya mtengo, dzimbiri n'kudya chitsulo, ndipo mdzukulu wopeza zotsalazo amakagulitsa kwa ogula zitsulo zakutha pa mtengo wa kilogalamu.

Chimene ndikupempha n'chochepa. Zolandidwa zisanawonongedwe, a nthambi ya boma yoona nyumba zosungira zakale aziitanidwa kuti asankhepo zoyenera kusunga. Banja limene lili ndi mfuti ya agogo lipatsidwe njira yoiperekera kudzera kwa mfumu ndi apolisi popanda mantha, itsekedwe kuti isadzawombenso, n'kupita ku Chichiri ku Blantyre, kumene kwakhala nyumba yathu ya zakale kuyambira 1966. Ndipo isamapite yokha. Papepala palembedwe mudzi umene yachokera, amene ankainyamula, mtengo umene anasemera, ndi dzina la wosula aliyense amene banjalo likumukumbukira. Gogodera yopanda mbiri yake pagalasi ingaoneke ngati ndodo ya dzimbiri, koma mwana wasukulu akawerenga kuti sipuling'i iyi anaisula munthu wa kwa Kanduku ndi makala a tsanya, adzayang'ana kawiri.

Amene angathe kuwerenga mfuti zimenezi atsala ochepa. Kuno ku Thambani kuli akuluakulu angapo amene ali ana anavukutira osula akale, ndipo ukawaonetsa chokhethemulira angakuuze ngati n'cha ku Ulaya kapena cha pachipala, ngakhalenso kuti kapalidwe aka n'ka kutsidya la Mozambique kapena ka kuno. Ambiri a iwo apitirira zaka 70. A ku Chichiri akafuna kuyamba, abwere m'chilimwe msewu wochokera ku Mwanza boma uli wouma, ayambire kwa mafumu, atenge kope, kamera ndi munthu woleza mtima kumvetsera. Mvukuto wa Bambo, mbaniro zawo ndi katupa kaja ka makona atatu ndikusungabe m'shopu yanga, ndipo ndidzazipereka kuti zikaikidwe pambali pa mfutizo.